Chaka Chimene Ndinakhala Pasikelo

Ndinayamba kusankha nsawa pa shedi ina ku Katete chaka chimene amuna anga anamwalira. Kumudzi kwathu, kufupi ndi Sinda, munda unalipo, koma ng'ombe zolimira abale awo anatenga, ndipo khasu lokha silikanandilerera mwana. Ndinabwera m'tauni ndi mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo, n'kuchita lendi kachipinda kuseri kwa msika.

Shediyo inali ya bambo wina wamalonda amene ankagula nsawa ndi soya kwa alimi n'kumatumiza ku Lusaka. Mkati munalibe khoma logawa malo, koma aliyense ankadziwa malo ake. Kukhomo, kumene kunkapita mphepo, kunali sikelo, tebulo ndi mpando, ndipo kumeneko kunali kwa amuna. Wina ankapima matumba, wina ankalemba malisiti. Kuseri kunali okweza katundu m'malole. Ife amayi tinkakhala kumapeto, pansi, pa matumba oyala, miyendo titatambasula, lichero pantchafu, kuchotsa nsawa zachuku, zosweka ndi timiyala. Palibe amene analamula kuti zikhale choncho. Tinazipeza zili choncho, ndipo wobwera kumene ankangoona kumene kuli zitenje n'kupita komweko.

Amuna a pasikelo ankalandira pamwezi, kaya alimi abwere kaya asabwere. Ife tinkalipidwa pa thumba limene tasankha, ndipo nsawa zikabwera zoipa, dzuwa linkalowa thumba lisanadzaze. Nyengo yogula ikatha, tinkauzidwa kuti tidzaonana chaka chamawa. Ndisaname, zinkandiwawa. Sukulu ndinafika giredi naini, kutchalitchi ndinali mlembi wa amayi, ndipo zilembo zanga zinkawerengeka kuposa za mkulu wa malisiti uja, amene pepala lake linkaoneka ngati papalasa nkhuku. Koma ndinakhala pansi pomwepo zaka zambiri, mpaka msana unazolowera kupweteka.

Wopima matumba anali mnyamata wa ku Vubwi, wofatsa, wa mawu ochepa. Mwana wanga atakula anayamba kundibweretsera chakudya masana, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti sinali njala yanga imene inkamuyendetsa. Anakwatirana mwadongosolo, ankhoswe anakhala pansi, ukwati unadalitsidwa kutchalitchi. Kuyambira pamenepo mnyamatayo anakhala mkamwini wanga.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso, sakhala moyandikana, sapatsana chinthu pamanja. Akakumana panjira, wina amapatuka. M'tauni ambiri anazitaya zimenezi, koma iye analeredwa kumudzi, ndipo inenso ndinali ndisanazitaye. Pa shedi sizinkavuta, chifukwa nyumbayo inali yaitali, iye kukhomo, ine kumapeto. Ndikamalowa m'mawa, iye ankapeza chochita kuseri mpaka nditadutsa. Ndinkanyadira ulemu wakewo, ndipo anzanga ankandichitira nsanje.

Chaka china kunabwera mayi wina wa ku yunivesite, wofufuza za ntchito ndi malipiro a anthu. Anakhala nafe pansi masiku angapo, kutifunsa kuti ndani amagwira ntchito iti, analowa bwanji, amalipidwa motani. Anali munthu womasuka, anayesako kusankha mpaka siketi yake inada ndi fumbi. Tsiku lomaliza anafunsa abwana, mwini shedi uja, ife tikumva.

"Nanga pasikelo bwanji palibe mzimayi?"

"Matumba ni olema, madamu," abwana anayankha.

"Cholembera nachonso n'cholemera?"

Tinaseka mpaka malichero kupendama. Abwana anali munthu wosakonda kusekedwa, ndipo nkhaniyo anaisunga. Nyengo yotsatira, mkulu wa malisiti atasiya ntchito chifukwa cha maso, abwana anandiitana.

"Amayi, namva kuti mumalemba kutchalitchi. Mawa mukhale pa tebulo. Malipiro ni a pamwezi, chaka chonse."

Ndinavomera asanamalize kulankhula. Ndili panjira yopita kunyumba ndi pamene ndinakumbukira amene amaima pambali pa tebulolo.

Ntchito yake inali yakuti wopima atchule kulemera kwa thumba, wolemba alembe, ang'ambe lisiti n'kupatsa wopima kuti aone ngati zagwirizana. Anthu awiriwo ankagwira ntchito phewa ndi phewa. Ife tinayesa zathu. Ine ndinatembenuza mpando kuyang'ana kukhoma. Mkamwini wanga ankaima kutsidya kwa sikelo, nkhope ataloza kumsewu, n'kumauza mlimi kuti, "Auzeni amayi kuti alembe chakuti." Mlimi ankabwera kudzandiuza. Ndikalemba, lisiti ndinkaliika pa tebulo, mlimi yemweyo n'kulitenga kukamuonetsa. Thumba lililonse linkayenda ulendo umenewo.

Alimi akumudzi sanadabwe. Amayi achikulire ankagwedeza mutu kuti mwana uyu analeredwa. Koma mzere unkatalika, ngolo za ng'ombe ndi njinga zinkafika mpaka kumsewu waukulu, ndipo ena ankatopa n'kupita kukagulitsa kwa wamalonda wina. Anyamata okweza malole anapeza choseketsa. Wina ankadutsa kumbuyo kwanga akunyang'ama n'kumati, "Odi, odi, tisasokoneze khoti." Masana amuna a kukhomo ankadyera pamodzi patebulo pomwepo, ndiye mkamwini wanga ankazemba n'kukakhala kuseri kwa lole, ndipo sindikudziwa ngati ankadya.

Ndinapita kwa ankhoswe a mwana wanga, mlongo wanga wamkulu, kukapempha kuti atimasule. Zimatheka ndithu, apongozi amaphikira mkamwini nkhuku, akuluakulu n'kunena kuti tsopano muzilankhulana. Mlongo wangayo anandiyang'ana ngati ndapempha zachilendo.

"Mwana asanabadwe m'nyumbamo? Mkazi wake ali ndi pakati, dikirani mwanayo aone kunja, ndiye tikambirana."

"Achimwene, nyengo ya nsawa sidikira."

"Nanga anakukakamizani ndani kukhala pampando wa amuna?"

Ndinabwerako mtima ukuwira, ndipo ndalama ya minibasi inandiwawa.

Abwana nawonso anatopa. Loweruka lina, alimi atachepa, anaima pakati pathu n'kulankhula moyang'ana kudenga kuti asaoneke ngati akuloza munthu.

"Iyi ni bizinesi, si mudzi iyayi. Manje musankhe mweka. Kaya musiye manyazi yanu aya, kaya mmodzi achokepo apa."

Aliyense ankadziwa amene ayenera kuchoka. Anzanga a pansi anandiuza mosabisa kuti malo anga akadalipo, ndibwerere ndisanadzichititse manyazi. Mmodzi yekha, mayi wa ku Mkaika amene tinayamba limodzi, anandinong'oneza kuti ndikanyamuka pampandopo sipadzakhalanso chitenje mpaka tonse titafa. Ine sindinkaganiza za amayi onse a m'boma la Katete. Ndinkaufuna mpandowo chifukwa cha ine mwini. Msana unali utasiya kupweteka, chifuwa cha fumbi chinali chitachepa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinkadziwa kuti mvula ikayamba ndidzakhala ndidakali pantchito. Lolemba ndinapita n'kukhala pa tebulo.

Pasikelo ndinapeza munthu wina, mphwake wa abwana. Mkamwini wanga anali atapita yekha kwa abwana kukapempha kuti amusamutsire kuseri, kokweza malole, kumene amalipira lole ikabwera basi. Sanauze munthu, ngakhale mkazi wake. Tsiku limenelo mzere unayenda bwino, abwana anakondwa, ndipo ine ndinalemba malisiti onse osalakwitsa. Kuseri ndinkamva matumba akugwera m'lole, koma sindinatembenuke.

Mwana wanga anabwera kunyumba Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Anakana mpando, anakhala pakhomo, mimba itayamba kuonekera.

"Amama, munali kusowa chiyani?"

"Ukufunsa zoona? Zaka zonsezi unkandipeza pati ukabwera ndi chakudya?"

"Ndinkakupezani pansi. Koma tinkadya, sitinagone ndi njala."

"Unkadya iwe. Sunkaona kuti ine ndadya kapena ayi."

Iye anati, "Mwamuna wanga akubwera mapewa atasupuka. Mlungu uno lole yabwera kamodzi. Mwana uyu akabadwa ndimufunditsa chiyani?"

Ndinamuuza kuti malipiro anga ndi athu tonse, kuti mwezi ukatha ndizigula ufa ndi sopo wa nyumba ziwiri. Anaseka kuseka kosakoma.

"Mwamuna amene wasiya ntchito kuti asakuyang'aneni m'maso, ndiye adye ufa wanu? Simukumudziwa."

Ndinakwiya, ndipo ndinamuuza kuti sindinamutume mwamuna wakeyo kuchoka pasikelo, kuti akanangotembenuza khosi n'kunditchulira manambala ngati munthu. Iye anati inenso ndikanatembenuza mpando. Ananyamuka movutikira, atagwira chitseko, n'kupita osatsanzika. Ndinamva chisoni, koma maganizo obwerera pansi sanandibwerere.

Mlungu wotsatira, m'mawa alimi asanachuluke, ndinamuona mwana wanga akulowa pakhomo la shedi, lichero lili m'khwapa. Anandidutsa pafupi kwambiri moti chitenje chake chinakhudza tebulo. Anagwada pamaso pa abwana n'kupempha ganyu yosankha. Abwana anamuyang'ana pamimba, anandiyang'ana ine, n'kunena kuti malo alipo amodzi, apite akakhale.

Anzanga aja anasendera kumupatsa danga. Anagwira khoma ndi dzanja limodzi, lina atachirikiza mimba, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka pansi. Miyendo anavutika kuitambasula, ndipo lichero silinakhazikike chifukwa cha mimbayo, mpaka mayi wa ku Mkaika uja anamuonetsa kuliika chammbali. Mphwake wa abwana anatchula kulemera kwa thumba loyamba, ine osamva. Anabwerezanso mokweza, ndipo ndinalemba.