Mawu a Frackson pa Maliro a ku Karrakatta

Ndamudziwa Frackson Chimphepo kwa zaka khumi ndi zitatu, kuyambira pamene ankakoka nthambo za magetsi m'nyumba za ku Area 49 ku Lilongwe mpaka lero pamene tonse tili kuno ku Perth. Nkhani yake yadutsa pakamwa pa anthu ambiri, ena kuwonjezera, ena kuchotsera. Pano palembedwa zimene zinachitika.

Frackson kwawo ndi ku Mchinji, mwana wa mlimi wa fodya. Kusukulu anali wanzeru, ndipo atamaliza anapeza mwayi wokaphunzira za magetsi ku China. Chaka choyamba kumeneko, nyengo yozizira itafika pachimake, anadwala chibayo. Anagona yekha m'chipinda cha ophunzira, chilankhulo asanachidziwe, wopanda woti n'kumuuza. Mphunzitsi wa ku shedi ya makina, bambo wamfupi wosuta fodya kwambiri dzina lake a Shen, ndi amene anazindikira kuti mnyamata wa ku Malawi uja sakuonekanso. Anakagogoda, anamupeza akunjenjemera, ndipo anamubereka kumsana n'kutsika naye masitepe mpaka kuchipatala. Atatuluka sanamubwezere kuchipinda chija. Anapita naye kunyumba kwawo, kumene akazi awo anamudyetsa phala la mpunga kufikira miyendo italimba. Mwana wawo wamkazi, Lan, anali wa pulayimale, ndipo ankamuseka Frackson akamalephera kutola nyemba ndi timitengo todyera. Kuyambira pamenepo Frackson ankawatchula a Shen kuti bambo.

Anabwerera kumudzi, anagwira ntchito, anakwatira Olipa, anabereka ana awiri. Kenako kampani ina ya ku Canning Vale kuno ku Perth, yopanga milongoti ya wailesi yoyendera mphamvu ya dzuwa, inamulemba ntchito n'kumutengera viza. Viza yotereyi imamangidwa ku dzina la kampani. Kampani ikakusiya umapatsidwa miyezi yochepa yofunira ina, ukalephera ulongedze. Ntchito ya Olipa yosamalira okalamba ku Morley, sukulu ya ana, nyumba ya lendi, zonse zinkadalira viza ya Frackson. Chiyembekezo chawo chinali chakuti kampani idzawasainira pempho lokhala kuno mpaka kalekale.

Tsono kampaniyo inapeza kontirakiti yaikulu. Kuli chilumba china m'nyanja ya Pasifiki, dziko laling'ono logwirizana ndi Australia, kumene chisankho chinali pafupi. Akazembe a kuno ankafuna kuti wailesi ya pachilumbacho imveke m'midzi yonse, anthu amve mbali zonse asanavote. Chifukwa china sankachibisa kwenikweni: a ku China anali atayamba kale kumangako doko ndi bwalo la mpira, ndipo a kuno sankafuna kuti chilumbacho chitsamire ku Chikomyunisiti. Ogwira ntchito onse anauzidwa kuti wofuna kukumana ndi woimira boma la China ayambe wanena. Frackson anaulula kuti anaphunzira kumeneko, ndipo bwana wake, a Bennett, anati palibe vuto.

Mnzake wa pantchito, Nkandu wa ku Zambia, sankamupatsa mpata.

"Iwe mudala, ba China ndiye banakuphunzisa malaiti, manje ufuna kubaocha na malaiti yamene ayo?"

"Ine ndimalumikiza nthambo, a Nkandu. Za akazembe kafunseni akazembe."

"Ndiwe kazembe kaili! Kazembe wa pulayasi!"

Milongoti ya Frackson inali yabwino. Anapita kawiri ku chilumba chija kukaiimika, n'kubwera atada ndi dzuwa, akusimba za nsomba zazikulu ngati chitseko.

Nthawi imeneyi Lan anali atakula, akuchita maphunziro apamwamba ku yunivesite ya ku Crawley, konkuno ku Perth. A Shen, atapuma pantchito, anabwera ndi akazi awo kudzamuona. Frackson anawalandira kunyumba kwake, anaphika nkhuku, ndipo ana anawagwadira agogo achilendowo. Patangopita masabata ochepa Lan anaimba foni akulira. Bambo ake anagwa m'bafa, mtima unaima.

Tsiku la maliro Frackson anayamba wapita kuntchito chifukwa panali katundu wofunika kutumiza. Atamaliza anawauza a Bennett kuti akupita ku maliro, iwo anamupepesa n'kumulola. Anathamangira ku manda a ku Karrakatta atavala shati ya kampani, dzina la kampaniyo lili pachifuwa. Zoti kumeneko kungakhale anthu oyenera kuwanena sizinamubwerere m'mutu. Munthu wa ku Mchinji sapita ku maliro a bambo ake akuwerenga amene akawapeze.

Anthu anali ochepa, mwambo wake waufupi, wopanda nyimbo. Kutsogolo kunakhala amuna awiri a masuti akuda amene anabweretsa nkhata ya maluwa. Lan anamupempha Frackson kuti anenepo mawu. Iye ananong'oneza kufunsa kuti awiriwo ndani, ndipo Lan anati ndi a ku ofesi ya kazembe wa dziko lawo, abwera chifukwa malemuwo anali mphunzitsi wa boma komanso membala wakale wa chipani.

Frackson anali atayankhulapo pa maliro ambiri kwawo, ndipo dongosolo lake ankalidziwa bwino. Sungayambe kusimba za malemu usanapereke ulemu kwa akuluakulu amene alipo, aliyense m'malo mwake: amfumu, a mpingo, a boma, a zipani. Wa chipani chimene umadana nacho umamutchula ndithu, chifukwa wabwera kudzalira nawe. Choncho anaimirira, anapinda manja, n'kuyamba m'Chitchaina chake chosweka chija.

"Ndiyambe ndapereka ulemu kwa oimira boma la China amene muli pano. Ndipereke ulemu kwa a chipani, chimene bambo athuwa anali membala wake. Ulemu kwa inu mayi, ndi kwa mlongo wanga Lan."

Aliyense amene anamutchula anamuweramira. Kenako anasimba za chibayo, za masitepe, za phala la mpunga. Mayi aja analira mokweza kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo.

Wina anajambula ndi foni. Chimene chinayenda m'mafoni a anthu sichinali cha phala la mpunga ayi, koma chiyambi chokha: munthu wa ku Africa, shati ya kampani ya kontirakiti ya boma, akuweramira a chipani cha Chikomyunisiti.

Lolemba a Bennett anamuitana Frackson n'kutseka chitseko. Anamuonetsa kavidiyoko kawiri.

"Frackson, unali kuganiza chiyani?"

"Anali maliro, bwana."

"Ndikudziwa. Koma unatamanda chipani chawo utavala shati yathu."

"Sindinatamande munthu. Kwathu amene wabwera pa maliro timamutchula. Ndikanawalumpha ndikanachititsa manyazi banja lofedwa."

A Bennett anadzikanda m'mutu nthawi yaitali. "Ine ndakumva, ndipo ndikukhulupirira. Koma amene atumiza ichi ali ku likulu ku Canberra, ndipo ku Mchinji sanafikeko."

Anamuchotsa pa ntchito ya pachilumba n'kumuika mosungira katundu, kumata makatoni ndi kuyendetsa foloko, kagalimoto konyamulira katundu. Sanamuchotse ntchito. Anangoti a boma afufuza, ndipo kufikira atamaliza asakumane ndi banja lija, komanso kampani siisaina pempho lake. Atafunsa kuti kufufuzako kutha liti, a Bennett anati sakudziwa.

Kunyumba Olipa anadikira ana alowe kuchipinda.

"Bambo a Chiko, chinavuta n'chiyani kungoti pepani n'kukhala pansi?"

"Ndikanalumpha akuluakulu?"

"Akuluakulu a ndani? Anakupatsani munda amenewo? Inu ndi ulemu wanuwo! Ngakhale wapolisi akukumangani mungayambe mwamufunsa kuti kunyumba ali bwanji."

"Mayi a Chiko, munthu uja anandibereka kumsana."

"Sindikukana, ndipo nkhuku ndinawaphikira ndine. Koma tayang'anani ana anuwa. Agogo awo akaimba foni amayankha m'Chingerezi. Mukawabweza ku Mchinji akayambira pati?"



Anayesa kufunsira ntchito kwina. Makampani a migodi ankamufuna, koma akamva kuti ali pa kafukufuku wa boma ankati adzamuimbira. Kusiya ntchito sakanatha. Kudandaula kunalibe kopita, poti wofufuzayo sanamuonepo nkhope. Ku tchalitchi Amalawi ena anayamba kumupatsa moni wa patali, makamaka amene mapepala awo anali asanatuluke. Ife amene tinakula nthawi ya makadi a chipani chimodzi moni umenewo timaudziwa. Nkandu yekha ndiye ankabwerabe kudzadya naye pa makatoni.

"Kazembe banamuchosa pa mupando," ankatero akumugawira chipisi. "Idya, mudala. Uzafa na maganizo."

Chisankho cha pachilumba chinachitika. Milongoti ya Frackson inagwira ntchito, anthu a m'midzi anamva zotsatira pa wailesi, ndipo kampani inachita phwando laling'ono. Frackson anamvera kuwomba m'manja ali pa foloko kuseri kwa khoma.

Miyezi inapita. Tsiku lina madzulo, Frackson akudikira Olipa pamalo okwerera mabasi ku Morley, foni inalira. Anali Lan. Kwa nthawi yonseyi ankangoiyang'ana mpaka isiye, koma tsiku limenelo anayankha.

"Achimwene, ndakulakwirani chiyani?"

"Palibe, mlongo wanga. Ndi za kuntchito."

Lan anati mayi ake anabwerera ku China ndi phulusa la bambo, ndipo miyendo yawo siingalolenso ulendo wautali. Iye wamaliza maphunziro, adzalandira digiri mu Disembala. Amupatsa mipando iwiri ya achibale, koma woti akhalepo alibe. Ophunzira ena a kwawo adzakhalapo, mwinanso a ku ofesi ya kazembe, poti amakonda kubwera pa miyambo yotere.

Frackson anaona basi ya Olipa ikukhota. Anadziwa chimene mkazi wake adzanene, anadziwanso chimene a Bennett adzanene.

"Ndidzabwera," anatero. "Pa mpando wa bambo ndidzakhalapo ine."

M'mawa mwake anakawauza a Bennett yekha, chifukwa Frackson si munthu wochita zinthu mobisa. Iwo anati anena kwa a boma, koma ngati yankho silibwera iye n'kupitabe, sadzatha kumuteteza. Patapita masiku Olipa anangoti, "Mukasankhe nokha mwana amene mukumufuna, wa a Shen kapena anuwa."

Pamene ndikulemba pano a ku Canberra sanayankhe, pempho silinasainidwe, ndipo Disembala wayandikira. Frackson amadzuka, amakamata makatoni, amabwerera. Lan sanamuimbirenso kudzafunsa, chifukwa iye anamva kuti mchimwene wake adzabwera, ndipo Frackson mawu amenewo sanawabweze.