Ndinapala penti ya galimoto ya mayi Morag

Inu owerenga, ine ndinaononga chuma cha mayi wamasiye ndi manja anga awiriwa, ndipo ndinkachita zimenezo ndikuimba nyimbo za m'tchalitchi.

Ndimayendetsa basi kuno ku Glasgow. Sukulu sindinapite nayo patali, koma mabuku a ku laibulale ndimawadya ngati chiswe, moti mkazi wanga amanditcha pulofesa wa padepoti. Mayi Morag timapemphera nawo mpingo umodzi ku Dennistoun. Amakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikizana, ndipo maondo awo anatha ndi masitepe. Ankafuna kusamukira m'nyumba yapansi. Chiyembekezo chawo chonse chinali kugulitsa pa okushoni galimoto imene malemu amuna awo anaisiya m'galaja.

Galimotoyo anaigula ndi apongozi awo, omwe anali dokotala, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe. Dokotalayo atamwalira inaikidwa pa njerwa, n'kukhala pomwepo zaka zonsezi. Mayi Morag atagonekedwa m'chipatala chifukwa cha bondo, anandipatsa makiyi kuti ndikangoipukuta fumbi munthu wa okushoni asanabwere. Fumbi lokha, abale.

Nditatsegula galaja ndinachita manyazi m'malo mwawo. Penti yakuda inali itathetheka, chikopa cha mipando chitang'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe. M'mphepete mwa madigadi munali penti yoyera yopakidwa mokhotakhota, ngati kuti mwana ankaseweretsa bulashi. Ine ndinakulira ku Kasungu. Fodya wopita ku okushoni bambo anga ankamusankha tsamba ndi tsamba, ndipo ngakhale njinga sitinkaigulitsa tisanaipake penti. Chinthu chokaonekera pagulu chimayamba chasamba. Ndinati ndiwadabwitse amayiwa.

Mkazi wanga anandichenjeza. "Bambo a Tadala, anakutumani fumbi kapena anakutumani ukalipentala?" Ndinamuyankha kuti ndawerenga. Kuwerenga ndinawerengadi, koma za injini ndi za kuchotsa dzimbiri basi.

Galimotoyo ndinaipala ndi sandipepa mpaka chitsulo kuoneka mbee. Ndinaipopera penti yatsopano. Mipando ndinaikutira ndi chikopa cha pulasitiki chowala, chakalecho n'kukataya kudzala la mzinda. Galimoto inkang'anima ngati ya ukwati.

Munthu wa okushoni anabwera mayi Morag atatuluka m'chipatala. Anaima pakhomo la galaja, kenaka anafunsa motsitsa mawu kuti wachita izi ndani. Ine ndinadzigunda pachifuwa. Iye anafotokoza mwaulemu kuti ogula galimoto zotere amalimbirana imene sinakhudzidwepo chichokereni kufakitale. Zokonzedwa n'zambiri, koma penti yoyamba ikachoka sibwereranso. Penti yoyera ija, anati, ankaipaka nthawi ya nkhondo, pamene magetsi a m'misewu ankazimitsidwa kuopa ndege za adani, kuti oyenda pansi aione galimoto ikubwera. Dokotala uja ndiye anaipaka yekha, kuti aziyendera odwala mumdima. Ine ndinaiyesa litsiro.

Ndinkangoyang'ana penti imene inatsalira m'zikhadabo zanga.

Mayi Morag anasisita mpando wakutsogolo. Anafunsa kumene kunali chikopa chakale, poti pampandopo ndi pamene anakhala tsiku limene amuna awo anawafunsira, m'galaja momwemo. Nditawauza, anangogwedeza mutu.

"Wagwira ntchito yaikulu, mwana wanga," anatero.

Galimoto inagulitsidwa, koma ndalama zake sizinakwane kusamuka. Mayi Morag akadali pamwamba paja. Loweruka lililonse ndimawanyamulira katundu wa kusitolo, iwo patsogolo, sitepe imodziimodzi, ine pambuyo. Sananditukwanepo. Ndikanakonda akanatero. Tikafika amandipatsa tiyi, ndimamwa, sindimva ngati muli shuga kapena ayi.

Inu owerenga, si chakale chilichonse chimene chikudikira kuti muchikonze. Mukasungitsidwa chinthu cha mwini, chitani chokhacho chimene mwatumidwa, ndipo musanagwire sandipepa funsani kaye kuti chipsera chilichonse chinabwera bwanji. Kwa ine womufunsa anali pafupi, mayi Morag anali pabedi m'chipatala chomwe basi yanga imadutsapo tsiku lililonse. Ndinasankha kukafunsa ku laibulale.