Kapitawo wa M'botolo

Ndikukumbukira chaka chimene mlongo wanga Fayisoni anathyoka mwendo atagwa mumtengo wa mapeyala. Ine ndinali ndi zaka khumi, iye zisanu ndi ziwiri. Tinkakhala kukomboni ya esiteti ya tiyi kufupi ndi Thyolo Boma, anthu asanu ndi atatu m'zipinda ziwiri. Amayi ankalawirira kothyola tiyi, dengu kumsana, ana ena tonse kusukulu, Fayisoni n'kutsala pamphasa ndi pulasitala wake.

Womuchezetsa anali nalimata wamng'ono amene anamugwira pakhoma. Anamusunga m'chibotolo cha maswiti, chivindikiro ataboolaboola ndi msomali, n'kumamupatsa ntchentche. Anamutcha Kapitawo, poti ntchito yake inali kungoima n'kumayang'ana anthu.

Ine ndinali mwana wodziwadziwa. Kwathuko palibe ankagona yekha kapena kudya yekha, choncho kanyama kokhala kokha ndinkakamvera chisoni.

"Ndimupezere mnzake," ndinatero.

"Ayi achemwali, musiyeni. Ali bwinobwino yekha."

Sindinamve. Tsiku limene abambo anatengera Fayisoni kuchipatala cha pa esiteti, ndinagwira chinalimata chonenepa kuseri kwa bafa, n'kuchiponya m'botolomo, ine ulendo kusukulu ndikudzitama mumtima.

Pobwera masana ndinapeza Kapitawo ali gada, khosi lolumidwa, mchira uli pawokha. Sindinkadziwa kuti analimata akakhala amuna okhaokha pamalo opanikiza amamenyana, ndipo wofooka amasowa kothawira. Koma chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero ndi chimene ndinachita kenako. Ndinataya mtembowo m'mizere ya tiyi, n'kusiya chachikulucho m'botolo.

Fayisoni atafika, ndinayamba ndine kulankhula.

"Taona mmene wanenepera Kapitawo wako!"

Ananyamula botolo, naliyang'ana nthawi yaitali.

"Kapitawo analibe chala chimodzi chakutsogolo," anatero motsitsa mawu. "Mwamuika kuti?"

Ndinalumbira kuti sindikudziwa kanthu. Iye sanalire, ndipo sanandinenere kwa amayi, ngakhale ine ndinkalakalaka atandikwapula kuti nkhaniyo ithe. Anangotsegula chivindikiro, chinalimata chija n'kuthawira kudenga.

Pulasitala anakhala nayebe milungu ina itatu. M'mawa uliwonse ndikamatuluka ndi mabuku ndinkamusiya pamphasa paja, botolo lopanda kanthu lili pambali pake, fungo la tiyi wa kufakitale likulowa pazenera. Ndinamubweretsera nalimata wina, anakana.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndikamva mtima ukundituma kukakonza za munthu amene wandiuza kale kuti ali bwino, ndimaima kaye. Ndinazindikira mochedwa kuti m'nyumba muja amene anali yekha sanali wa m'botolo ayi. Anali mlongo wanga, ndipo mnzake yekhayo amene anali naye ndinamulanda ndine.