Ningwi ya Bambo

Bambo anga anabwera ku Bindura, tauni ya migodi m'dziko la eni, ali mnyamata, kuchokera kumapiri a ku Mulanje. Anagwira ntchito mumgodi mpaka fumbi linawadya chifuwa. Ine ndinabadwira kukomboni. Nanenso ndine wamumgodi.

Chaka chomwe matenda anakula, anasiya kudya. Mkazi wanga anayesa phala, nkhuku, mazira. Ankangolawa n'kukankha mbale. Ndinkawanyamula popita nawo kosamba, ndipo ndinkamva m'manja mwanga kuti akupepuka.

Tsiku lina anati, "Ndikufuna ningwi."

Sindinkaidziwa. Anandifotokozera: nsomba yaitali, yamilomo yokhuthala, yamaso ofiira. Imakhala m'mitsinje yothamanga, n'kumanyambita ndere pamiyala. Kwawo ankaigwira ali ana.

Ndinagula nsomba za m'damu kwa mayi wina kudera la Aerodrome m'tauni momwemo. Bambo anangoziponyera diso.

"Zam'matope izi, iwe. Zaulesi. Patsa ana."

Anati ningwi sidya nyambo, ndiye ndisavutike ndi mbedza. Imafuna mono, msampha woluka uja. Ndinadula bango. Iwo anakhala pakhonde, akutsokomola, n'kumandilangiza kuluka. Manja anali atatha, koma pakamwa panali bwino.

"Mangitsa apo. Ukuluka dengu la tomato kodi?"

Pafupi ndi tauni, mtsinje wa Mazowe ndi matope okhaokha chifukwa cha makorokoza, anyamata osefa golide. Choncho ndinapalasa njinga mpaka ku Musana, kukamtsinje kotsika m'miyala. Mvula yoyamba inali itagwa. Ndinatchera mono pakati pa miyala, kukamwa kwake kuloza kumtunda. Ndinkati madzi abweretsa okha nsomba, monga lamba wa makina amatibweretsera miyala kuntchito.

Nditabwerera ndinapezamo masamba ndi nkhanu. Ulendo wina, chimodzimodzi. Mlimi wina wa kumeneko ankamwetsa ng'ombe. Anasuzumira nkhanuzo n'kundiseka m'Chishona.

"Achimwene, hove dzenyu dzine makumbo!" Kunena kuti nsomba zanga zili ndi miyendo.

Ndinataya nkhanuzo n'kutcheranso mono.

Kunyumba bambo anafunsa mmene ndinatcherera. Nditawauza anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Mkazi wanga anathamangira madzi.

"Mwana wa kukomboni iwe!" anatero mpweya utabwerera. "Zotsika ndi madzi ndi zinyalala. Ningwi imakwera. Mvula ikagwa imalimbana ndi madzi kupita kumtunda kukaikira mazira. Tembenuza mono, kukamwa kuyang'ane kumunsi."

"Bwanji simunanene, bambo?"

"Unafunsa?"

Ndinakatembenuza. Lamlungu ndinajomba kutchalitchi n'kupita kukaona. Munali ningwi zingapo, zosakula kwenikweni, zikuphiriphitha.

Bambo anakana mafuta. Anati ziotchedwe pamakala, mchere basi. Ningwi ndi yaminga yambiri, ndiye ndinafuna kuwachotsera. Anandimenya dzanja. Anadya okha, pang'onopang'ono, akulavulira minga m'chikhatho. Anamaliza imodzi, n'kutenga ina. Mkazi wanga anatuluka panja kuti apongozi ake asamuone akulira.

"Yakwathu imaposa," anatero bambo. "Madzi a kuno ndi ofunda. Komabe ndi yomweyo."

Dzinja lonse ndinkapita ku Musana ndikapuma kuntchito. Nthawi zina ndinkabwerako chimanjamanja, ndipo ankandinyoza. Madzi atayamba kuphwa, ningwi zinasowa. Koma pofika apo m'kamwa mwawo munali mutatseguka. Ankadya nyemba ndi chisoso, ndipo ankafika okha pageti kukalonjera anzawo akale a mumgodi.

Anamwalira chaka chotsatira, mwezi wozizira. Chinawatenga ndi chifuwa, osati njala.