Chitenje Chinatsala pa Mpanda

Dzanja langa lamanja silifumbata. Zala zitatu zimaima panjira, ndiye mpeni, choko, ngakhale kapu ya tiyi ndimagwirira kumanzere. Adzukulu anga amati agogo analumidwa ndi njoka. Si njoka ayi. Anali anthu, ndipo mmodzi mwa iwo ndinkamudziwa bwinobwino.

Tenisi ndinaphunzirira ku sekondale ya atsikana ya mishoni ku Dowa. Bwalo lake linali la dothi la pachulu, lomwe tinkalitsendera tokha Loweruka ndi mgolo wodzaza simenti, mizere n'kulemba ndi laimu. Aphunzitsi athu a masewera, mayi wamfupi wa mawu aakulu, ndiwo anandipatsa laketi yamatabwa imene mzungu wina anaisiya pamishonipo. Atandiona ndikumenya mpira koyamba anaseka mpaka kugwira nthiti.

“Iwe mtsikana, ukusewera kapena ukulima?”

Zoonadi ndinkaigwira ngati khasu, poti kwathu ku Nachisaka ndinakulira m'munda wa mtedza. Koma mphamvu ya khasu yomweyo ndiyo inandikweza. Pofika Folomu 3 panalibe mtsikana pasukulupo wobweza mpira wanga, ndipo a ku Lilongwe ndinakawakwapula kwawo komweko. Ndinasankhidwa kukasewera ku Blantyre pa mpikisano wa dziko lonse. Aphunzitsi ankati amene wachita bwino kumeneko amamutenga kukasewera kunja, tenisi n'kukhala ntchito yake. Ine ndinkazifuna zimenezo ndi mtima wanga wonse, sindibisa.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo lamulo linkati mkazi asaonetse maondo. Koma siketi ya tenisi ndi yaifupi, chifukwa m'diresi lofika m'miyendo sungathamangire mpira. Ndiye tinali ndi kachitidwe kathu. Tinkachoka kogona titamanga chitenje pamwamba pa siketi, kufika pabwalo n'kuchipachika pa mpanda wa waya. M'kati mwa mpanda palibe ankakufunsa. Phazi likangotuluka pachipata, chitenje m'chiuno.

Sabata yoti tinyamuke, masana ena, ndinamenya mpira mopitirira muyeso. Unadumpha mpanda n'kuyamba kugubuduka kutsetsereka kumsewu wopita ku boma. Ku Dowa chinthu chikayamba kugubuduka sichiima msanga, ndipo kumunsi kwa msewuwo kunali chigwembe. Mipira inali yosowa, imene tinali nayo inali itathothoka kale ubweya. Ndinatuluka chothamanga, laketi kumanja. Za chitenje sizinabwere n'komwe m'mutu.

Mpira ndinaugwira m'mphepete mwa msewu. Podzuka ndinaona malaya ofiira. Anali anyamata a chipani, akuchokera kumsika kumene ankafunsa anthu makhadi a umembala wa chipanicho. Wotsogolera anali mnyamata wa m'mudzi mwathu, amene tinakhalapo benchi imodzi ku pulayimale.

“Taimani pomwepo, achemwali. Kodi pano ndi pabafa?”

“Ndimangotola mpira, achimwene. Chitenje changa ndi icho pa mpandapo, mukuchiona.”

“Ndiye wovala chitenje ndi mpanda?”

Anzake anaseka. Ine ndinati popeza ndi wakwathu zithera pa nthabwala. Mbama inandipeza ndikumwetulira, khutu n'kulira. Wina anandikwatula laketi, wina anandipinga mwendo, ndinagwa chagada pamiyala. Anayamba ndi ntchafu, kundikwapula ndi laketi yangayo, akuti maondo amene ndikuonetsawo aone zakuda. Nsapato zinandipeza m'nthiti ndi m'mimba. Magazi a m'mphuno ankandibwerera kukhosi. Nditaona laketi ikulunjika kumaso ndinatchinga ndi dzanja lamanja.

“Ndi limeneli limakupatsa matama?” anatero wakwathu uja.

Analiponda ndi jombo pamfundo, n'kulikanikizira pamwala. Kenako analimenya ndi mphepete mwa laketi, mobwerezabwereza, mpaka thabwa linathyoka, zingwe n'kulendewera. Mafupa ndinawamva akuphwanyika. Ndinakuwa mpaka mawu anatha.

Aphunzitsi anatsika chothamanga, nagwada pamsewu pamaso pa ana oti akanatha kuwabala.

“Ana anga, mukhululukireni. Wolakwa ndine, ndine ndinamuveka.”

Nawo anawapatsa mbama, magalasi awo n'kugwera m'fumbi. Anyamatawo anaponyera mpira uja m'chigwembe, n'kumapita akuimba. Aphunzitsi anakatenga chitenje changa pa mpanda paja, nandimangira nacho dzanja pakhosi. Kuchipatala ananena kuti ndagwa posewera. Adokotala anayang'ana mikwingwirima ya m'ntchafu, anayang'ana aphunzitsi, n'kuyamba kukulunga pulasitala osafunsanso.

Amayi anabwera wapansi kuchokera ku Nachisaka. Analira mwakachetechete, kenako anandinong'oneza.

“Mwana wanga, dzina la mnyamatayo lisatuluke pakamwa pako. Atate ako ali ndi fodya m'chigafa, ndipo chigafa ndi cha udzu.”

Ndinamvera. Ku Blantyre kunapita mtsikana amene ndinkamugonjetsa ndisanatuluke thukuta. Pochotsa pulasitala zala zinali zitauma chokhota, laketi inkangopulumuka. Ndinayesera kumanzere, mpira unkapita kumene wafuna. Ndinaphunzira kulemba ndi dzanja limenelo, n'kukhala mphunzitsi m'mapiri a ku Ntchisi mpaka kupuma. Mkwiyo wokha sunapume. Zinthu zitasintha, atsikana n'kuyamba kuyenda ndi mathalauza pa boma, anzanga ankadandaula kuti dziko latha. Ine ndinkawayang'ana anawo mtima ukuwawa ndi nsanje.

Wakwathu uja ndinadzakumana naye pa maliro ku Nachisaka, tonse tili ndi imvi. Anali atavala jekete, akuyenda pakati pa anamfedwa kupereka moni mwaulemu. Zaka zonsezo ndinkakonzekera mawu oti ndidzamuuze. Atafika pa ine ndinamupatsa dala dzanja lamanja. Analilandira ndi manja awiri, nakhudza zala zouma zija, nkhope yake n'kugwa ndi chisoni.

“Pepani, mayi. Kodi dzanjali linatani?”

Ndinamuyang'anitsitsa m'maso kuti ndione ngati akundinyoza. Sankandinyoza. Anali ataiwaladi.