Zala Zanga Anaziika M'timizere Takuda

Ndinali kalaliki pa fakitale ya tiyi pa esiteti ina kwathu ku Thyolo. Thumba la tiyi wouma likatsika pa sikelo, ine ndinkalemba pa kompyuta giredi yake, n'kudina batani la Tabu kuti ndilumphire m'bokosi lotsatira, kulemera kwake, Tabu kachiwiri, nambala ya thumba, kenako Enta kuti zilowe. Ntchito yake inali yomweyo, ndipo ndinkainyadira. Ndi imene inandipatsa nyumba ya kampani, yamalata, pafupi ndi sukulu ya ana anga. Pa esiteti nyumba imayenda ndi ntchito. Ntchito ikatha, umabweza makiyi.

Dzinja lina, tiyi atachuluka, kunabwera bambo wina wa zamakompyuta wochokera ku Blantyre. Amanijala anamukhazika pambali panga. Anali munthu waulemu zedi, wa mawu ozizira ngati mlaliki wapamaliro.

"Mayi, tatayipani pang'onopang'ono ndione," anatero. "Mukamaliza giredi mumadina chani?"

"Tabu."

"Eya, zikomo. Ndiye kenako?"

Ine ndinkati akuyesa luso langa kuti andikweze pa ntchito. Mpaka ndinamugulira nthochi za ku Masambanjati. Ankasenda, n'kumadya, n'kumayamikira kukoma, maso ali pa zala zanga. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Akale sananame, kungoti sananene kuti kadzameta ndani.

Patapita nthawi anabweranso ndi makina osindikiza timapepala tomata pa matumba. Sikelo ikayeza, kapepala kankatuluka kokha kali ndi bakodi, timizere takuda tija timaona pa sopo m'sitolo. Anandipatsa kamakina kowala mofiira, n'kunena kuti ndiloze pa timizereto. Kanalira kuti pii. Ndinangoona mabokosi anga akudzaza okha, lina pambuyo pa linzake, mpaka zonse kulowa, manja anga ali pamiyendo.

Anandifotokozera mwachimwemwe ngati wandibweretsera mphatso. Akuti kompyuta imayesa kamakinako ndi kiyibodi, siidziwa ngati wadina ndi munthu kapena ayi. Akuti m'timizeremo simukhala manambala okha, Tabu nayo ili ndi timizere take, Enta chimodzimodzi. "Ndinazisanja ndendende mmene mumadinira inuyo, mayi," anatero.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chomwecho. Akanabwera ndi nzeru zake za ku Blantyre, ndikanati basi, dziko lasintha. Koma ayi, anakhala pampando wanga wa alendo, kudya nthochi zanga, kundibera ndikuona, ine n'kumamuthandiza kunyamula. Amanijala ankadziwa zonse kuyambira tsiku loyamba, koma m'mawa uliwonse ankandipatsa moni akumwetulira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza zoona. Mbuzi yokagulitsa bola, imaona chingwe.

Kumapeto kwa mweziwo anandiitanira ku ofesi.

"Mwaona nokha, mayi, kuloza kamakina kaja ngakhale onyamula matumba akutha," anatero amanijala. "Koma sitikukuchotsani ayi. Kumunda malo alipo. Mukavomera kutchola, nyumba simutuluka."

Ndinakalipa mpaka mlonda anasuzumira pakhomo. Ndinawafunsa ngati timizereto tili ndi ana oti tigone nawo m'nyumba. Iwo ankangosewera ndi cholembera, kudikira kuti ndithe mpweya. Ndipo unathadi, chifukwa mwana wanga wamkulu anali m'kalasi ya mayeso, ndipo kumuchotsa pasukulupo pakati pa chaka kunali kumuphera tsogolo. Ndinavomera, mano ndili lume.

Loweruka ndinakwera kabaza kupita ku Khonjeni kwa mayi anga. Iwo anatchola tiyi moyo wawo wonse mpaka msana unapindika, ndipo ndi iwo amene anandipititsa kusukulu yotayipa kuti dengu lisadzandikhudze. Njira yonse ndinkafunafuna mawu oyambira, koma nditafika ndinangokhuthula zonse, ukali ndi misozi pamodzi. Ndinkayembekezera kuti akalipa nane, atukwane kampani, aitchule mayina onse amene ndinali nditaitchula kale.

Sanatukwane munthu. Anangoti, "Tiye kuseri." Kumeneko ali ndi mizere yochepa ya tiyi wawo. Anandigwira dzanja, n'kuliyang'ana mbali zonse, kufewa kwake, zikhadabo zake. Kenako anaika zala zanga pa nsonga ya tiyi, masamba awiri ndi kamphukira, n'kuzipinda ndi zala zawo zouma mpaka nsongayo inathyoka.

"Usamakoke, uzithyola," anatero, osandiyang'ana kumaso. "Sabata yoyamba zala zimenezi zing'ambika. Ukapake mafuta usiku. Koma usakalire pamaso pa akapitawo, wamva mwanawe?"