Ababa Anabwerera Kukaimitsa Sitima

Tsiku limenelo ndinkayanika makaka pamphasa, kuseri kwa nyumba yathu ya m'mbali mwa njanji, ku Mozambique. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Mfuti zinayamba kulira cha kumsika. Nkhuku zinathawira pansi pa nkhokwe. Amayi anabereka mng'ono wanga Asiyatu.

Ababa anali oyendera njanji, ija yochokera ku Cuamba kudzalowa m'Malawi pa Nayuchi. Anamanga nawo ali mnyamata. Itatha anawapatsa chigawo chawo. M'mawa uliwonse ankayenda ndi sipanala ndi mbendera yofiira, kumangitsa mabawuti omasuka. Nkhondo itakula sitima inkabwera mwa apo ndi apo, koma iwo sanajombepo.

Pothawa sanatenge ufa kapena bulangeti. Anatenga mbendera. Amayi anangowayang'ana.

Tinatsata njanji. Ababa anati tiziponda pamitanda pokhapokha, chifukwa m'tinjira ta m'mbali munali mabomba okwirira. Mitanda ija sanaiyalire phazi la munthu. Kuponda uliwonse, ifupika. Kudumpha umodzi, italika. Pofika masana miyendo inali njenjenje. Patapata wanga anaduka, ndinamusiya pomwepo.

Pa kamlatho kena tinapeza njanji itazulidwa. Zitsulo ziwiri zinali m'madzi, mabawuti ali mbwee m'miyala. Ababa anagwada n'kuika khutu panjanji, monga ankachitira pantchito. Anakhala choncho kanthawi. Podzuka anati sitima ikubwera, ikadali kutali, ndipo woyendetsa sakudziwa.

"Bambo a Mariamu, ana anu ali apa," anatero amayi. Mariamuyo ndine.

"M'sitimamo mulinso ana a eni. Tsogolani, ndikupezani pa Nayuchi."

Sitima siima pomwe waiimika, imafuna mtunda. Ndiye anayenera kubwerera kutali, komwe mfuti zinkalira. Ndinawaona akuponda mitanda osayang'ana pansi, mpaka njanji inakhota.

Ndinawakwiyira, ndisaname. Mkwiyo wina ndikadali nawo, kungoti unakalamba pamodzi ndi ine.

Tinawoloka kamlathoko chokwawa. Tinafika pa Nayuchi mawa lake, Asiyatu atasiya ndi kulira komwe. Anatipatsa madzi ndi phala. Mayi wina anandimanga mapazi ndi sanza.

Amayi anakhala pasiteshoni milungu itatu, nkhope kum'mawa. Sitima siinafike. Ababa sanafike. Obwera pambuyo ena ankati inaima, anthu anatsika n'kuthawira m'tchire. Ena ankati tsiku limenelo kunalibe sitima n'komwe. Ndinasiya kufunsa, chifukwa aliyense ankabwera ndi yake.

Lole inatitengera kumsasa wa othawa nkhondo cha ku Namwera. Nkhondo itatha anzathu ambiri anabwerera kwawo. Ife tinatsikira kuno ku Mangochi, kugulitsa usipa pamsika. Amayi ankati tikabwerera tingasemphane njira, ababa akutifuna kuno ife tili uko.

Njanji ija inakhala zaka itamera udzu. Kenako anaikonza. Lero pakudutsa sitima za malasha, zazitali zosaona kothera. Inu adzukulu mukaona sitima pa Liwonde mumawerenga mabogi n'kumaseka. Sindikuletsani. Ine ndimangokhala m'minibasi kudikira ithe, ndipo sindinakwerepo sitima.

Amayi anakana kuchita sadaka ya ababa. Ashehe anabwera kangapo kudzawanyengerera. Amayi ankati sadaka ndi ya womwalira, osati ya munthu amene wachedwa. Nanga ife ana tikanatani? Anadikira mpaka maso anachita khungu.

Amayi atamwalira, ine ndi Asiyatu tinagula mpunga ndi mbuzi za sadaka. Ashehe anafunsa dzina loti atchule m'pemphero la duwa. Asiyatu anandiyang'ana, poti wamkulu ndine. Ndinatchula awiri.